Ndiphunzire pa manual kapena pa automatic?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Kunyumba kuli Toyota Vitz ya automatic ya amalume, ndipo anati ndikapeza laisensi ndizidzaiyendetsa. Koma kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto kumene ndinakafunsa amaphunzitsira pa manual. Anzanga ena akuti ndisavutike ndi klatchi poti magalimoto ambiri masiku ano ndi a automatic, ena akuti wophunzira pa automatic si dalaivala weniweni. Ndikufunanso kuti laisensiyi idzandithandize pofunsira ntchito. Nditani?

Yankho: Achemwali, popeza mwatchula za ntchito, phunzirani pa manual ndipo mayeso mukayesedwerenso pa manual. Mukakhoza, musangolandira makiyi a Vitz n'kulowa mumsewu. Pemphani mphunzitsi wanu akhale nanu m'galimotoyo kawiri kapena katatu, chifukwa automatic ili ndi misampha yakeyake, ndipo imakola kwambiri munthu amene wangochoka kumene pa manual.

Anzanu oyambawo akunena zoona pa chinthu chimodzi: magalimoto ang'onoang'ono ogwiritsidwapo kale ntchito amene amachokera ku Japan, monga Vitz, Passo, Sienta, Nissan Note ndi Honda Fit, ambiri amabwera a automatic. A hybrid monga Aqua ndi Prius ndiye alibiretu klatchi yoponda. Koma tayang'anani magalimoto olembera munthu ntchito. Ma pickup ambiri a Hilux ndi Land Cruiser amene mabungwe, makampani ndi maofesi a boma amapita nawo kumidzi ndi a manual, malole ambiri chimodzimodzi, ngakhalenso maminibasi ochuluka. Ntchito zambiri za m'mabungwe, ngakhale zosakhala za udalaivala, zimafuna munthu woti akapatsidwa galimoto ya ofesi apite yekha kumene kuli ntchito. Wodziwa manual amakhala pansi m'galimoto ya automatic n'kuizolowera tsiku lomwelo. Wodziwa automatic yokha akapatsidwa Hilux ya manual sangaitulutse n'komwe pageti.

Palinso nkhani ya laisensi. Ku South Africa ndi ku Britain, munthu akayesedwa pa automatic, laisensi yake imalembedwa kuti ndi ya automatic yokha, ndipo akafuna kuyendetsa manual amayenera kukayesedwanso. Amalawi amene amapita kukagwira ntchito kumaiko amenewa amakumana ndi lamulo limeneli. Choncho musanalipire ndalama kusukulu iliyonse, funsani ku ofesi ya Road Traffic komanso kusukuluko kuti mudzayesedwera pa galimoto yanji ndiponso chidzalembedwe n'chiyani pa laisensi yanu ya Code B, imene ndi ya magalimoto osapitirira makilogalamu 3,500. Wayesedwera pa manual alibe chodera nkhawa pa nkhani imeneyi.

Koma anzanu achiwiriwo akulakwitsa. Udalaivala suli m'mwendo wakumanzere. Uli m'maso: kuona kabaza asanakhote mwadzidzidzi, kudziwa kuti minibasi yaima apoyo itseka njira, kusiya mpata wokwanira pakati pa inu ndi wakutsogolo, kuyang'ana m'magalasi musanasinthe mbali. Zimenezi n'zofanana pa magalimoto onse awiri.

Tsopano tiyeni pa klatchi, poti ndi imene imaopsa anthu. Mantha ake amachepa mukadziwa chimene phazi lanu likuchita. Injini ikalira imazungulira osaleka, ngakhale galimoto itaima. Ya petulo ikakhala phee imazungulira maulendo apakati pa 700 ndi 900 pa mphindi. Ikakakamizidwa kutsika kwambiri pamenepo imazima. Matayala a galimoto yoima ali pa ziro. Klatchi ndi mbale yozungulira imene ili pakati pa injini ndi giyabokosi, yomatidwa zinthu zokhakhala zonga za pa mabuleki. Phazi lanu likakhala kuti silikuponda, sipuling'i yamphamvu imakanikiza mbaleyo ku flywheel, chitsulo cholemera chimene chimazungulira limodzi ndi injini, ndipo mphamvu yonse imapita kumatayala. Mukaponda mpaka pansi, mbaleyo imatalikira, injini n'kumazungulira yokha. Pakati pa ziwirizi pali kachigawo kakang'ono pamene mbale imayamba kukhudza, ikutsetsereka pang'ono, ikugwira pang'ono. Aphunzitsi amati klatchi yaluma. Luso lonse lonyamuka lili pakachigawo kameneka. Mukachotsa phazi mwamsanga, ndiye kuti mwasenzetsa injini galimoto yolemera pafupifupi tani imodzi nthawi imodzi, n'chifukwa chake imadumpha kenako n'kuzima. Ngati munayendetsapo njinga yamoto, ndi zomwezija zimene dzanja lamanzere limachita.

Musanalize n'komwe injini, konzani mpando kuti mukaponda klatchi mpaka pansi bondo likhale lopindika pang'ono. Ophunzira ambiri amakhala kutali, ndiye amaponda ndi nsonga ya chala, klatchi osafika pansi, giya n'kumakukuta. Valani nsapato zafulati zogwira chidendene. Patapata amavuka n'kulowa pansi pa buleki, ndipo nsapato za gogoda sizikulolani kumva pamene klatchi yaluma. Chitenje kapena siketi yaitali muikokere m'mwamba pang'ono kuti isakole mapazi.

Phunziro loyamba likhale pamalo athyathyathya opanda anthu, monga bwalo la mpira. Pondani klatchi, lowetsani giya 1, tsitsani handibuleki, phazi lakumanja lisaponde moto ngakhale pang'ono. Nyamulani phazi lakumanzere mwapang'onopang'ono kufikira mutamva kulira kwa injini kukusintha, kukhala kolemera, galimoto n'kuyamba kunjenjemera pang'ono. Imani pomwepo, werengani mumtima mpaka katatu. Galimoto iyamba kukwawa yokha. Ikakwawa, tsirizani kuchotsa phazi. Kenako pondaninso klatchi, pondani buleki, imani, yambiraninso. Chitani zimenezi maulendo 20 kapena 30 pa tsiku loyamba. N'zotopetsa, koma phazi limaphunzira mobwerezabwereza, ndipo amene wathamangira kulowa mumsewu asanazolowere pamenepa ndi amene amazimitsa galimoto pa roundabout kumbuyo anthu akuimba mahutala. Tsiku lachiwiri onjezani moto pang'ono, singano yosonyeza kuzungulira kwa injini ifike cha pa 1,500, ndipo muona kuti kunyamuka kukufulumira.

Magiya muwaloweze injini ili chizimire, klatchi mutaponda. Magalimoto athu chiwongolero chili kumanja, choncho ndodo ya giya imagwidwa ndi dzanja lamanzere. Ikakhala pa nyutilo imadzibwerera yokha pakati, moyang'anizana ndi giya 3 ndi 4. Giya 1 ndi 2 zili kutali ndi inu, ndiye mumakankhira ndodoyo kumbali ya wokwera. Giya 5 ili kufupi, mumaikokera kwa inu. Pa 3 ndi 4 musaikankhire kumbali kulikonse, ingopitani kutsogolo kapena kumbuyo. Bwerezani mutatsinzina mpaka dzanja lidziwe lokha, chifukwa mumsewu maso sayenera kutsikira pa giya. Wophunzira akayang'ana pansi, dzanja lakumanja limakoka chiwongolero osadziwa, galimoto n'kupatuka.

Pa galimoto yaing'ono ya petulo, giya 1 ndi yonyamukira basi, mpaka liwiro la makilomita 15 kapena 20 pa ola. Giya 2 imakufikitsani cha pa 30, giya 3 cha pa 50, giya 4 cha pa 65 kapena 70, kuposa apo giya 5. Manambalawa amasiyana malinga ndi galimoto komanso katundu amene mwanyamula, choncho khutu ndilo liyenera kutsogola. Injini ikamalira mokuwa ikupempha giya yapamwamba. Ikamagwedezeka ndi kugogoda mukaponda moto, giya yalemera, bwererani pansi. Pa petulo anthu ambiri amasintha singano ili pakati pa 2,000 ndi 2,500, pa dizilo pakati pa 1,500 ndi 2,000. Zili ngati njinga yakapalasa ya magiya: pachitunda mumafuna giya yopepuka kupalasa, osati yothamangira. Poima, yambani ndi buleki, klatchi muiponde liwiro litatsika, injini isanayambe kunjenjemera. Chizolowezi choponda klatchi poyamba chimachititsa galimoto kuthamanga momasuka nthawi imene mukufuna kuti ichepetse.

Inu a ku Chilomoni simungathawe zitunda, ndipo Blantyre yense ndi wotero. Kunyamuka pachitunda kumachitika motere. Handibuleki ikhale m'mwamba, giya 1. Pondani moto mpaka singano ifike pakati pa 1,500 ndi 2,000, phazi likhazikike pamenepo. Nyamulani klatchi mpaka ilume; muona kutsogolo kwa galimoto kukudzuka pang'ono ngati ikufuna kudula chingwe. Mapazi onse asasunthe. Tsitsani handibuleki, onjezani moto pang'ono, ndipo klatchi muitsirize pang'onopang'ono galimoto itayamba kale kuyenda. Ikabwerera m'mbuyo ndiye kuti munamasula handibuleki klatchi isanalume. Ikazima ndiye kuti moto unachepa kapena phazi linathamanga. Ikazima musachite phuma: buleki, handibuleki, nyutilo, lizaninso. Wakumbuyo angaimbe hutala, koma kudikira kwake n'kwabwino kuposa kumugunda.

Pali zizolowezi zimene zimadya klatchi msanga, ndipo ndi bwino kuzikana zisanamere mizu. Choyamba ndi kugoneka phazi pa klatchi galimoto ikuyenda. Kulemera kwa phazi lokha n'kokwanira kuti mbale izitsetsereka pang'ono ndiponso kuti release bearing, kachitsulo kamene kamakankha sipuling'i mukaponda klatchi, izizungulira nthawi zonse. Chinanso, chimene chimaoneka kwambiri pamndandanda wa madzulo mu Masauko Chipembere Highway, ndi kuimika galimoto pachitunda ndi klatchi ndi moto m'malo mwa buleki. Mbale imatentha mpaka kununkha ngati lamba wopserera. Mukaima kopitirira masekondi ochepa, ikani nyutilo, chotsani phazi, kokani handibuleki. Livesi musailowetse galimoto isanaimiretu, chifukwa pa magalimoto ambiri giya imeneyi ilibe chofananitsira liwiro la mano, ndiye imakukuta. Klatchi ikatha mumaidziwa pachitunda: mwaponda moto, injini ikukuwa, koma liwiro silikukwera. Pokonza amayenera kutsitsa giyabokosi, choncho nzeru ndi kusintha mbale, pressure plate (chitsulo cha sipuling'i chokanikiza mbale) ndi release bearing nthawi imodzi kusiyana ndi kudzalipira makaniko kawiri.

Tibwere ku Vitz ya amalume. Automatic ilibe klatchi yoponda; ambiri mwa magalimotowa ali ndi torque converter, imene imapereka mphamvu ya injini kudzera mu oyilo. N'chifukwa chake siizima mukaima, komanso n'chifukwa chake ikakhala pa D (yopita kutsogolo) kapena R (livesi) imayamba kukwawa mukangochotsa phazi pa buleki. Kukwawa kumeneku n'kothandiza poimika galimoto pamalo opanikiza: musaponde moto, ingomasulani buleki pang'onopang'ono. Koma n'koopsanso. Munthu akatembenuka kuti atenge chikwama kumpando wakumbuyo, phazi n'kufewa, galimoto imakagunda yakutsogolo kapena mwana amene akudutsa.

Phazi lakumanzere pa automatic lilibe ntchito. Liikeni pa chopondera chake kumanzere kwenikweni, ndipo masiku oyambirira mungalipindire kumbuyo pafupi ndi mpando. Buleki ya automatic ndi yotakata, ndiye munthu wozolowera manual akafuna kuima phazi lamanzere limapita lokha kukafuna klatchi, n'kuponda buleki ndi mphamvu yonse. Galimoto imaima nji, wakumbuyo n'kukulowani. Dziwaninso kuti magalimoto ena a ku Japan buleki yoimikira ili pansi, yoponda ndi phazi, pamalo pomwe pakadakhala klatchi.

Ngozi yoopsa kwambiri ya automatic ndi kusokoneza moto ndi buleki. Imachitika kawirikawiri pobwerera m'mbuyo, thupi litapotoka, phazi n'kusuntha osadziwa. Galimoto ikathamanga, munthu amaganiza kuti buleki yakana, ndiye amapondereza kwambiri chinthu cholakwikacho. Pa manual zikatero galimoto nthawi zambiri imazima kapena klatchi imakupulumutsani, koma automatic imamvera mpaka kukaboola mpanda. Mankhwala ake ndi chizolowezi ichi: nthawi iliyonse imene simukuwonjezera liwiro, phazi lakumanja likhale pamwamba pa buleki. Ndipo galimoto ikachita chimene simunayembekezere, nyamulani phazi kaye, kenako pondani buleki.

Musasunthe ndodo kuchoka pa D kupita pa R, kapena kulowa pa P (yoimikira), galimoto isanaimiretu. Chimene chimagwira galimoto pa P ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamalowa m'mano a giya mkati mwa giyabokosi. Poimika pachitunda, pondani buleki, kokani handibuleki, lolani kulemera kwa galimoto kukhale pa handibulekiyo, kenako ikani P. Mukayamba ndi P, galimoto yonse imatsamira pa kachitsuloko, ndipo podzachotsa mumamva kugunda.

Tikhalitse pang'ono pa kutsika mapiri, poti apa m'pamene pamatayika miyoyo. Msewu wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, wotsika phiri la Zomba, wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti komanso wa ku Chiweta ndi yotsetsereka mtunda wautali. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukawaponda osapumira kwa makilomita angapo, amatentha mpaka kuleka kugwira, ndipo brake fluid (oyilo wa mabuleki), makamaka yakale imene yayamwa chinyezi, imawira. Mukaponda, phazi limangofika pansi. N'chifukwa chake brake fluid imayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Wa manual amaphunzitsidwa kutsika phiri ndi giya imene akanakwerera, 2 kapena 3, kuti injini izigwira galimoto. A automatic ambiri sadziwa kuti nawonso ali ndi njira yomweyo. Pansi pa D pamakhala 2 ndi L, kapena S ndi B, zimene zimasunga galimoto pa giya yotsika. Vitz zambiri zopangidwa kuyambira 2005 zili ndi S ndi B. Pamalo otsetsereka pang'ono ikani S, potsetsereka kwambiri B. Pa magalimoto akale pali kabatani kolembedwa O/D pandodo, kamene mukakadina galimoto imasiya giya yapamwamba. Chepetsani liwiro ndi buleki musanafike potsetsereka, sankhani giyayo, ndipo potsika muziponda buleki mwamphamvu pang'ono n'kumasula, osati kuigoneka phazi njira yonse. Injini ikamalira mokweza musaope, ikugwira ntchito yake.

Mafuta akamasowa, madalaivala ena amatsika phiri pa nyutilo, ena kuzimitsiratu injini. Musatengere zimenezi pa galimoto ya mtundu uliwonse. Pa nyutilo injini siigwira galimoto, katundu yense amatsala pa mabuleki. Injini ikazima, mphamvu yothandizira buleki imatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero chimalemera, ndipo mukapotoza kiyi mopitirira chingathe kukhomeka. Komanso palibe chimene mukupulumutsa: magalimoto a masiku ano a fuel injection amadula mafuta okha mukatsika muli m'giya phazi lili kunja kwa moto, pamene pa nyutilo injini imamwabe kuti isazime.

Popitirira galimoto ina pa M1, wa manual amabwerera giya imodzi kapena ziwiri asanatuluke. Pa automatic mumaponda moto mpaka pansi ndipo giyabokosi imatsika yokha, koma imatenga kamphindi. Galimoto ya injini ya 1,000cc itanyamula anthu anayi siithamanga msanga, choncho mpata umene ukuoneka wokwanira muukayikire.

Pa ndalama, kusiyana kulipo koma si kumene anthu amaganiza. Automatic zakale za magiya anayi zimamwa mafuta kuposa manual yofanana nazo, koma za CVT, zimene m'malo mwa magiya zili ndi lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri, zimamwa mofanana kapena mocheperapo. Pamene automatic imaluma ndi ikawonongeka. Klatchi ya manual makaniko aliyense wapaboma amaisintha, pamene giyabokosi ya CVT ikafa kawirikawiri amangoguliramo ina. Chimene chimaipha kwambiri ndi oyilo wolakwika. CVT ili ndi oyilo wakewake, wosiyana ndi ATF, oyilo wa automatic wamba, ndipo kampani iliyonse ili ndi mtundu wake: Nissan amalemba NS-2 kapena NS-3, Toyota amalemba TC kapena FE. Muuze amalume kuti asalole aliyense kuthiramo oyilo wofiira wongopezeka pashelefu asanaone chimene chalembedwa m'buku la galimotoyo. Batire likatha, manual mungaikankhe n'kuilizira pa giya 2, koma automatic siilira mokankha. Yendani ndi mawaya olumikizira ku batire la galimoto ina. Ikafa panjira, kuikoka ndi chingwe mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi kumapsereza giyabokosi, chifukwa pampu ya oyilo imayenda ndi injini. Imafunika kunyamulidwa.

Alipo anthu amene timawalangiza kuti ayambire pa automatic mosachita manyazi: amene mwendo wamanzere kapena bondo limawavuta, achikulire amene akufuna kungoyenda ndi galimoto yawo kupita kutchalitchi ndi kuchipatala, komanso amene ayesetsa pa manual kwa nthawi yaitali koma mantha a klatchi akuwalepheretsa kuyang'ana msewu. Kwa oterowo ndi bwino kudziwa msewu kaye, manual n'kudzaiphunzira pambuyo ngati ingafunike. Inu simuli m'gulu limeneli.

Posankha sukulu, funsani kuti phunziro limodzi ndi la mphindi zingati inu muli pachiwongolero, osawerengera nthawi imene mwakhala kumbuyo kudikira anzanu. Onani ngati galimotoyo ili ndi buleki ndi klatchi kumbali ya mphunzitsi. Maphunziro akhale oyandikana, kanayi kapena kasanu pa sabata, chifukwa phazi limaiwala mukadumphitsa masiku ambiri. Pamene mukuphunzira manual, Vitz muisiye kaye. Kusakaniza ziwirizi m'masabata oyambirira kumasokoneza mapazi. Mungaigwiritse ntchito itaima pabwalo, kuzolowera magalasi, ma indiketa ndi kukula kwa galimoto. Highway Code muiwerenge kuyambira tsiku loyamba, osadikira sabata ya mayeso.

Mukapeza laisensi n'kuyamba kuyenda ndi Vitz tsiku ndi tsiku, klatchi idzayamba kuchoka m'phazi pakangotha miyezi yochepa. Pezani wachibale kapena mnzanu amene ali ndi manual kuti muziiyendetsa ngakhale kamodzi pamwezi, ndipo ulendo uliwonse muzinyamuka pachitunda kangapo ndi kubwerera m'mbuyo polowa pageti. Olemba ntchito ambiri amamuyesa munthu pa galimoto yawo asanamupatse makiyi, ndipo zinthu ziwirizi n'zimene amayamba kuyang'ana.